Mbiri ya Zilapi za Zithunzi

Chilapi cha zithunzi ndi masewera obisa mawu m'zinthu zojambulidwa kuti wowerenga awafukule yekha. Ku Ulaya amachitcha rebus, dzina la Chilatini lotanthauza kunena kanthu pogwiritsa ntchito zinthu. Lamulo lake ndi limodzi: chithunzi sachiwerenga monga chinthu chimene chajambulidwacho, amachiwerenga monga liwu limene limamveka munthu akatchula dzina la chinthucho. M'Chichewa, munthu atajambula kamba wa chigoba uja akhoza kukhala kuti sakunena za nyama ayi, koma za kukamba nkhani kapena za kamba wa paulendo. Mtengo wa nthambi ndi masamba ukhoza kuimira mtengo wa katundu pamsika. Woumirira pa nyama ndi masamba yankho salipeza.

Zilapi kapena ndagi zimene ana amaponyerana madzulo zimangofuna khutu ndi nzeru. Za zithunzi zimafuna diso ndi khutu pamodzi, ndipo diso ndi limene limasocheretsa, chifukwa limaona chinthu n'kukhutira pomwe yankho lili m'kamvekedwe ka dzina lake. N'chifukwa chake chilapi cha mtunduwu sichiwoloka kuchoka m'chinenero china kupita m'chinzake: chimene chimaseketsa Mfalansa, kwa Mngelezi ndi mulu chabe wa zithunzi zopanda mutu. Lero anthu amakumana nazo m'nyuzipepala, m'mabuku a ana ndi pafoni, koma kwa zaka zikwi zingapo njirayi sinali masewera. Inali chida cha alembi, ndipo kulemba kwenikweniko kunakulira pa iyo.

Chida cha alembi

Kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Iraq, mumzinda wa Uruk, alembi anayamba kudinda zizindikiro pa timapale tadongo zaka zoposa 3,000 Yesu asanabadwe. Poyamba ankalemba zinthu zowerengeka: nkhosa, mitsuko ya mowa, miyeso ya balere. Kujambula nkhosa n'kosavuta. Mutu unkaima pofuna kulemba zinthu zopanda thupi, monga moyo, kubweza katundu wa mwini, kapena dzina la munthu. M'Chisumeriya muvi unkatchedwa ti, ndipo moyo nawo unkamveka chimodzimodzi, choncho mlembi ankajambula muvi potanthauza moyo. Bango linali gi, kubweza kunalinso gi. Chizindikiro chitayamba kuimira kamvekedwe m'malo mwa chinthu, chilichonse chotuluka pakamwa chinayamba kutheka kulembedwa.

Ku Egypt umboni wotchuka uli pa mwala wosemedwa wa mfumu Narmer, wa zaka pafupifupi 3,100 Yesu asanabadwe, umene unafukulidwa ku Hierakonpolis mu 1898 ndipo umasungidwa ku Cairo. Pamwamba pake pali mlamba ndi tchizulo. Mfumuyo sinali msodzi kapena mmisiri wosema. Dzina la mlamba linkamveka ngati nar, la tchizulo ngati mer, ndipo ziwirizo zikalumikizidwa zimatchula mfumu. Patapita zaka pafupifupi 1,800, anthu a ku Egypt anali ndi kalembedwe kokwanira bwino, komabe chiboliboli cha Ramesses II chimene chinapezeka ku Tanis chimaonetsa mwana wonjuta, chala chili pakamwa, dzuwa pamutu, chomera m'dzanja. Dzuwa ndi ra, mwana ndi mes, chomeracho ndi su. Apa wosema akanatha kulemba dzinalo mwachindunji, koma anasankha kulibisa kuti woona achite chidwi. Nzeru imene inayamba chifukwa chosowa pogwira inali itasanduka luso lodzionetsera.

Mitundu ina, popanda kuphunzitsana, inadutsa njira yomweyo. Ku China chizindikiro chimene poyamba chinali chithunzi cha tirigu anachibwereka kuti chiziimira kubwera, poti mawu awiriwo ankamveka mofanana. Mpaka lero mleme umajambulidwa pa mbale ndi pa nsalu chifukwa dzina lake, fu, limamveka ngati mwayi, ndipo nsomba, yu, imaimira zochuluka. Pa chaka chatsopano mabanja amamata pachitseko chizindikiro cha mwayi chozondotsa, chifukwa kuzondoka ndi kufika zonse zimamveka dao: mwayi wazondoka, ndiye kuti mwayi wafika. Ku Mexico, m'zaka za m'ma 1500, ansembe a ku Spain analemba kuti Aaziteki pofuna kukumbukira chiyambi cha pemphero la Ambuye m'Chilatini, Pater noster, ankajambula mbendera, pantli, ndi chipatso cha chomera chaminga, nochtli.

Mu Africa muno chitsanzo chokoma chili kwa Ayoruba a ku Nigeria, amene anali ndi mauthenga otumizidwa ndi zinthu, otchedwa aroko. Mmishonale C. A. Gollmer anawafotokoza m'zaka za m'ma 1880. Mnyamata ankatumiza kwa mtsikana tizigoba ta m'nyanja tisanu ndi kamodzi, tomwe tinkagwira ntchito ngati ndalama, chifukwa nambala 6 m'Chiyoruba ndi efa, ndipo fa ndi kukoka: mtima wakokedwera kwa iwe. Mtsikana akalola ankabweza tisanu ndi titatu, chifukwa 8 ndi ejo, ndipo jo ndi kugwirizana. Ku Cameroon, mfumu Njoya ya Abamum inayamba kupanga kalembedwe ka anthu ake cha m'ma 1896 ndi zithunzi pafupifupi 500. Pobwereka zithunzi kuti ziziimira kamvekedwe, inazichepetsa pang'onopang'ono mpaka zinatsala 80 cha m'ma 1910. Ulendo umene unatengera alembi a ku Uruk mibadwo yambiri, Njoya anauyenda m'zaka zosakwana 20.

Mayina pa ndalama ndi pa zipupa

Agiriki ndi Aroma ankalemba ndi zilembo, choncho chithunzi sichinali chofunikira kwa iwo polemba. Chinatsalira pa ntchito imodzi yaikulu, yodziwitsa dzina kwa anthu amene sankatha kuwerenga. Chilumba cha Rhodes chinkadinda duwa pa ndalama zake chifukwa duwalo linkatchedwa rhodon. Mzinda wa Selinus unkadinda tsamba la selinon, ndipo chilumba cha Melos chinkadinda chipatso cha melon. Ku Rome mkulu wina wosula ndalama, Voconius Vitulus, anaikapo mwana wang'ombe, pakuti ndilo tanthauzo la dzina lake. Plutarch akusimba kuti Cicero, popereka mphatso yasiliva kukachisi ku Sicily, analembetsa mayina ake awiri oyamba ndi zilembo, koma m'malo mwa lachitatu anauza mmisiri kuti aseme njere ya tchana, imene m'Chilatini ndi cicer.

Mwambowu unakula kwambiri ku Ulaya kuyambira m'zaka za m'ma 1100, pamene mabanja olemekezeka anayamba kujambula zizindikiro zawo pa zishango. Ufumu wa Castile unasankha linga, wa León unasankha mkango, ndipo zonse ziwiri zikadali pa chizindikiro cha dziko la Spain. Ku England akuluakulu a mpingo ndiwo ankakonda kwambiri kusiya mayina awo motere pa nyumba zimene amangitsa. Mayina ambiri a Chingerezi amathera ndi ton, ndipo mgolo waukulu wa vinyo unkatchedwa tun, choncho migolo inadzaza pa zipupa za matchalitchi. William Bolton wa ku St Bartholomew ku London anasemetsa muvi, bolt, wolasa mgolo. John Islip, mkulu wa amonke ku Westminster kuyambira 1500 mpaka 1532, anasiya zizindikiro ziwiri: diso, eye, pambali pa kamphukira ka mtengo, slip, komanso munthu akuterereka mumtengo. Bishopu Hugh Oldham wa ku Exeter anadzaza kachisi wake wamng'ono ndi akadzidzi, chifukwa kwawo dzina lake linkamveka ngati likuyamba ndi owl. Zonsezi zikuonekabe lero. Ngakhale banja la Bowes-Lyon, kumene kunabadwira mayi a Mfumukazi Elizabeth II, chizindikiro chake ndi mauta ndi mikango.

Kusanduka masewera

Wolemba mbiri William Camden, m'buku lake la mu 1605, ananena kuti Angerezi anatengera chizolowezichi ku France, makamaka kudera la Picardy. Afalansa nawo ankachitcha rebus ya ku Picardy, ndipo mabuku awiri olembedwa pamanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, odzaza ndi zilapi zoterezi, akusungidwa ku Paris. Olemba ena akale ankati alembi achinyamata a m'makhoti a kumeneko ankagwiritsa ntchito zithunzizi pa chikondwerero cha Lenti isanayambe, ponyogodola akuluakulu ndi kuulula za mseri za mumzinda popanda kutchula munthu dzina. Apa mpamene cholinga chinatembenuka. Kale chithunzi chinkathandiza kuti uthenga umveke msanga; tsopano chinkauchedwetsa dala, ndipo kukoma kunali m'kuchedwako.

Ku Milan, cha m'ma 1490, Leonardo da Vinci anadzaza mapepala ndi tizithunzi ta mtunduwu toposa 150, mwina pofuna kusangalatsa a kunyumba ya mfumu Ludovico Sforza. Tidalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere monga mwa chizolowezi chake, ndipo mapepalawo ali ku Windsor. Mwa zina, mtengo wa zipatso wotchedwa pero umaimira però, liwu lolumikiza chiganizo. M'zaka za m'ma 1540 katswiri wa kalembedwe Giovanni Battista Palatino anasindikiza ndakatulo yathunthu m'zithunzi. Si onse amene ankakondwa nazo. François Rabelais, m'buku la Gargantua la m'zaka za m'ma 1530, ananyoza anthu a kunyumba zachifumu amene ankajambula chinthu chobulungira, sphère, potanthauza chiyembekezo, espoir; kwa iye zimenezo zinali zachibwana ndi zotsalira. Chitonzocho sichinaphe masewerawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1580 Étienne Tabourot wa ku Dijon anawapatsa mitu yawoyawo m'buku lake la Bigarrures, limene linasindikizidwa mobwerezabwereza.

Makina osindikizira atafala, zithunzizi zinapeza ntchito yatsopano pophunzitsa ana. Mu 1684 wamalonda wa ku Augsburg, Melchior Mattsperger, anatulutsa buku la mavesi a m'Baibulo momwe mawu ena anawachotsa n'kuikapo zithunzi. Thomas Hodgson anatulutsa lotere ku London mu 1783, ndipo Isaiah Thomas anachita chimodzimodzi ku Worcester, Massachusetts, mu 1788, ndi zithunzi zosemedwa pamatabwa pafupifupi 500. Kunena zoona, mabukuwa anali zilapi zopepuka, chifukwa nthawi zambiri chithunzi cha nkhosa chinkangotanthauza nkhosa, ndipo vesi lonse linkalembedwa mmunsi mwa tsamba. Phindu lake linali lakuti mwana wongoyamba kumene kuwerenga ankapeza popumira pakati pa zilembo. Andale nawo sanatsalire. Mu 1778, nkhondo ya ufulu wa America ili mkati, Matthew Darly wa ku London anasindikiza makalata awiri a zithunzi: ina ngati yochokera kwa Britain kuchonderera mwana wake wopanduka, ina ngati yankho la America lokana. M'makalatamo chala chakuphazi, toe, chimaimira to, ndipo diso limaimira I.

Japan: kuzemba lamulo ndi kuwerenga popanda sukulu

Mbiri ya ku Japan ndi yofunika kuiona payokha, chifukwa kumeneko masewerawa, otchedwa hanji-e, anakula mosadalira Ulaya. Chijapani chili ndi maphatikizo ochepa ndi osavuta, ambiri othera ndi lembo laliwu monga a Chichewa, choncho mawu ofanana kamvekedwe ndi ochuluka. Mu 1793 boma linaletsa kulemba pa zithunzi zogulitsa mayina a akazi okongola a m'malo omwera tiyi. Wojambula Kitagawa Utamaro anangosintha njira. Pa chithunzi cha Okita wa ku Naniwaya anaika pakona mitolo iwiri ya ndiwo zamasamba, imene imawerengedwa na-ni-wa, kenako muvi, ya, nyanja yakuya, oki, ndi munda wa mpunga, ta. Aliyense mumzinda wa Edo ankadziwa kuti ndi ndani, koma dzina silinalembedwe. Mu 1796 boma linaletsanso zilapi zomwezo.

Kumpoto, kudera la Nanbu, njirayi inatumikira alimi osadziwa kuwerenga. Kalendala yawo inali ya zithunzi zokhazokha. Tsiku loyamba la nyengo yamvula, nyūbai, linkaonetsedwa ndi mbala itasenza katundu, chifukwa kulanda katundu ndi ni-ubai. Pemphero lina la Chibuda limene limayamba ndi maka linkayamba ndi mphika wozondotsa: mphika ndi kama, ndipo ukauzondotsa maphatikizo ake amatembenuka. Nzeru ya mphika wozondotsayi, yoti malo ndi kaimidwe ka chithunzi nazonso zimawerengedwa, inadzaonekeranso m'masewerawa m'zaka za m'ma 1900.

Zobisika m'kati mwa chithunzi

Pambali pa rebus panakula mbale wake, chithunzi chimene chimabisa chinthu china m'kati mwake. Apa khutu lilibe ntchito. Diso ndilo liyenera kusiya zimene laona poyamba. Hans Holbein, pa chithunzi cha akazembe awiri cha mu 1533 chimene chili ku National Gallery ku London, anajambula pansi chinthu chotalika chosadziwika bwino, chimene chimasanduka chigaza cha munthu woonayo akaima chakumbali. Giuseppe Arcimboldo ankapanga nkhope za anthu ndi zipatso, ndiwo zamasamba ndi nsomba. Pa nthawi za chipwirikiti cha ndale, luso lotere linkateteza anthu. Mfumu Louis XVI itaphedwa mu 1793, oikonda ankasunga chithunzi cha manda ndi mtengo, pomwe mipata ya pakati pa nthambi inkapanga nkhope za banja lachifumu. Mu 1815 otsatira Napoleon ankagawana chithunzi cha maluwa chojambulidwa ndi Canu, chobisa nkhope za Napoleon, mkazi wake ndi mwana wawo pakati pa masamba.

M'zaka za m'ma 1800 zoterezi zinasanduka malonda. Kampani ya Currier and Ives ya ku New York inagulitsa mu 1872 chithunzi cha nkhandwe m'nkhalango, momwe munabisika hatchi, nkhosa, nguluwe ndi nkhope za anthu, ndipo ogulitsa sopo ndi mankhwala ankagawa timakadi totere kuti ogula asataye msanga pepala lokhala ndi dzina la katundu wawo. Mu October 1892 magazini ya ku Germany ya Fliegende Blätter inatulutsa kachithunzi kamene wina amaona bakha, wina kalulu. Katswiri wa za maganizo Joseph Jastrow anakagwiritsa ntchito mu 1899 posonyeza kuti munthu saona ndi maso okha, komanso ndi zimene akuyembekezera kuona. Mu 1900 buku la Sigmund Freud lonena za maloto linayerekeza loto ndi rebus, ponena kuti wolimasulira monga chithunzi wamba amaliona ngati lopanda nzeru.

Mafunso ozunguza mutu

Zilapi za zithunzi nthawi zambiri zakhala zikusindikizidwa pa tsamba limodzi ndi mafunso ozunguza mutu, amene ali ndi mbiri yawoyawo. Cha m'ma 800 kunatuluka buku la mafunso oposa 50 onolera nzeru za achinyamata, limene ambiri amati analemba ndi Alcuin wa ku York, mphunzitsi wa kunyumba ya mfumu Charlemagne. M'menemo muli funso la munthu wofuna kuwolotsa mmbulu, mbuzi ndi kabichi pa bwato lonyamula chinthu chimodzi basi. Yankho limabisala pa mfundo imene anthu ambiri saiganizira, yakuti n'kololedwa kubwerera ndi mbuzi kutsidya kumene wachokera.

Funso lomweli limadziwika m'madera ambiri a Africa ndi nyama zina, ndipo katswiri wa masamu Marcia Ascher anayerekeza mitundu yake mu 1990. Mtundu wa Aila a ku Zambia ndi wapadera. Munthu ali ndi zinthu zinayi, kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la mapira, ndipo bwato limalola chimodzi. Mwa masamu, ulendowo sungatheke popanda kutaya china. Munthuyo amalingalira zosiya khoswe kapena kambuku, koma poti zonse ndi ngati ana ake, amasankha kusawoloka. Funso limene ku Ulaya limayesa kuchenjera, kwa Aila limayesanso chimene munthu amachiyesa chamtengo wapatali.

Nyuzipepala zitachuluka, kupeka mafunso kunakhala ntchito yolipidwa. Lewis Carroll, amene ankalembera ana makalata a zithunzi, anayambitsa mu magazini ya Vanity Fair mu 1879 masewera osintha liwu kukhala lina posintha chilembo chimodzichimodzi. Ku America Sam Loyd anagulitsa mu 1896 kakhadi kozungulira komwe ankhondo 13 amasanduka 12 munthu akakapotoza pang'ono. Ku England Henry Dudeney, amene pa masamu anali wozama kuposa Loyd, analemba tsamba la mafunso mu Strand Magazine kuyambira 1910 mpaka imfa yake mu 1930.

Nyuzipepala, wailesi yakanema ndi foni

Ku France nyuzipepala ya L'Illustration, yoyamba mu 1843, inkatulutsa rebus sabata iliyonse n'kupereka yankho sabata yotsatira, ndipo mafakitale ankazidinda ngakhale pa mbale zodyera. Ulemerero umenewu unachepa itabwera crossword, masewera odzaza mawu opingasana m'timabokosi. Arthur Wynne, wochokera ku Liverpool, anasindikiza yoyamba mu New York World pa 21 December 1913. Mu 1924 kampani ya Simon and Schuster inatulutsa buku loyamba la masewerawa, lomangiriridwa pensulo, ndipo m'zaka zochepa crossword inalanda tsamba la masewera pafupifupi kulikonse. Inali yotsika mtengo kwa osindikiza chifukwa sinkafuna wojambula.

Ku Italy n'kumene rebus inakana kugonja. Magazini ya La Settimana Enigmistica, imene Giorgio Sisini anayambitsa ku Milan pa 23 January 1932, inaikhwimitsira malamulo. Chithunzi chimakhala chimodzi, chooneka ngati zochitika wamba. Pa anthu ndi zinthu zina pamaikidwa zilembo, ndipo manambala amasonyeza kutalika kwa mawu a yankho. Wosewera amawerenga zinthuzo ndi zilembo zake kuchokera kumanzere, kenako amadula mndandanda wa zilembowo m'malo ena kuti patuluke chiganizo chosakhudzana konse ndi chithunzicho. Pa mitundu yonse ya masewerawa, uwu ndi umene unafika pa luso lozama koposa.

Ku America zobisika zinapeza malo pakati pa ana. Magazini ya Highlights, imene Garry Cleveland Myers ndi mkazi wake Caroline anayambitsa mu June 1946, inakhala ndi tsamba la zinthu zobisika kuyambira kope loyamba. Wojambula Al Hirschfeld anayamba mu 1945 kubisa dzina la mwana wake, Nina, m'tsitsi ndi m'makwinya a zovala pa zithunzi zake, ndipo owerenga anazolowera kulisaka moti kuyambira 1960 ankalemba nambala pambali pa siginecha yake yosonyeza kuti dzinalo labisika kangati.  Masewera osaka mawu m'gulu la zilembo anatuluka mu March 1968 m'kanyuzipepala kaulere ka Norman Gibat ku Norman, Oklahoma, ndipo aphunzitsi ndiwo anawafalitsa. Ku Spain amatamanda Pedro Ocón de Oro pa masewera omwewo.

Wailesi yakanema inabwezera rebus pamaso pa anthu ambiri. Pulogalamu ya Concentration, imene inayamba pa NBC mu 1958, inkavundukula chilapi pang'onopang'ono opikisana akamapeza makadi ofanana. Ku Britain Paul Sellers anayambitsa masewera a Dingbats mu 1980, ndipo pulogalamu ya Catchphrase inayamba pa ITV mu 1986. Mtundu wa Dingbats nthawi zambiri ulibe chithunzi n'komwe: mawu okha ndi amene amaikidwa pamwamba, pansi, m'kati kapena mobwerera, ndipo malowo ndi gawo la yankho. Chitsanzo chakale cha Chingerezi ndi chilembo I cholembedwa pansi pa liwu lakuti stand. Poti pansi ndi under, zonse pamodzi zimawerengedwa I understand.

Mauthenga a pafoni atabwera ndi malire a zilembo 160, anthu anabwerera okha ku nzeru ya alembi a ku Uruk, n'kumalemba b4 ndi gr8 kuti asunge malo. Mu 1999 Shigetaka Kurita anajambula ma emoji 176 a kampani ya NTT DoCoMo ku Japan, ndipo ma emoji atalowa mu Unicode mu 2010 anakhala zida zopekera zilapi pa WhatsApp ndi Facebook. Mawu obisika anapezanso ntchito yolondera pakhomo. Akatswiri a ku yunivesite ya Carnegie Mellon, mmodzi mwa iwo Luis von Ahn, anafalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 njira ya CAPTCHA, yomwe imaonetsa zilembo zopotoka kuti isiyanitse munthu ndi kompyuta. Mtundu wake wa mu 2007, reCAPTCHA, unkapatsa anthu mawu a m'mabuku ndi nyuzipepala zakale amene makina analephera kuwerenga, kotero kuti anthu mamiliyoni anathandiza kukopera mabuku osadziwa. Makompyuta atayamba kuwerenga zilembo zopotokazo bwino, njirayo inasinthidwa.

Zithunzi zambiri za mawu obisika zimene zimagawidwa pa intaneti zimabwera ndi mawu akuti anzeru okha ndi amene angapeze yankho m'masekondi owerengeka, kapena kuti masewerawa amakulitsa ubongo. Mawu amenewa ndi okopa anthu, ndipo umboni suwavomereza. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Adrian Owen, wofalitsidwa mu magazini ya Nature mu 2010, anatsatira anthu 11,430 kwa milungu isanu ndi umodzi: anapita patsogolo pa masewera amene ankayeserera, koma luso limenelo silinasefukire ku ntchito zina za ubongo. Mu January 2016 kampani yopanga masewera a Lumosity inavomera kulipira madola 2 miliyoni ku bungwe la boma la America loteteza ogula, chifukwa cholonjeza popanda umboni wokwanira kuti masewera ake amathandiza pa sukulu ndi pantchito ndiponso amachedwetsa kuiwala kwa ukalamba. Phindu lodalirika la zilapi za zithunzi ndi lochepa kuposa pamenepo koma ndi lenileni: zimazoloweretsa munthu kumvetsera maphatikizo a chinenero chake ndi kusiya yankho loyamba likakanika, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi a ana oyamba kuwerenga akuzigwiritsabe ntchito.